Makalata a Omvera: Mwana Wanga Sanalire pa Maliro a Malume Ake

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu, ndipo akuti: "Mwana wanga wazaka 23 anamupeza ndi matenda a maganizo otchedwa schizophrenia. Mankhwala akumwa ndipo mawu amene ankamva m'mutu anachepa, koma pa maliro a malume ake anangokhala duu, osagwetsa msozi. Anzake akaseka pa bawo, iye amati akuseka iyeyo. Achibale akuti ndi mwano."

Mayi, pepani ndi zovutazo, koma ine sindikuvomereza kuti umenewu ndi mwano. Matendawa, amene bungwe loona za umoyo la WHO linanena mu 2022 kuti amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse padziko lapansi, amasokoneza luso lozindikira zimene nkhope ndi kamvekedwe ka mawu a mnzako zikutanthauza. Ifeyo tikamva kuseka timadziwa msanga kuti akuseka amene wagonja pa bawo, pamene mwana wanuyo angaone nkhope yosakwiya ngati yaukali, n'kugamula mofulumira kuti akumunena, ngakhale palibe umboni. Pa maliropo, n'kutheka ndithu kuti chisoni chinali mumtima, chifukwa ambiri odwala matendawa amamva chisoni ndi chimwemwe monga aliyense, kungoti nkhope ndi mawu awo sizionetsa. Mankhwala monga chlorpromazine ndi haloperidol amachepetsa kumva mawu m'mutu, koma mbali iyi saithandiza kwenikweni, ndipo nthawi zina haloperidol amaumitsanso nkhope, choncho mukawafotokozere achipatala zimenezi.

Polankhula naye pewani zining'a ndi nthabwala zokuluwika, nenani mwachindunji kuti, "Tikuseka nkhani ya bawo, osati iwe." Achibalewo muwapemphe asiye kumudzudzula, pakuti wodwala amene amakhala pa banja lomukalipira kawirikawiri matenda ake sachedwa kuyambiranso.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wa ku Mzimba, amene akufunsa ngati n'koyenera kupita ndi mchemwali wawo wodwala matenda omwewa ku ukwati. Bambo, yambani mwawafunsa achemwali anuwo. Akavomera, akhale pafupi ndi munthu amene amamukhulupirira, kutali ndi zokuzira mawu, ndipo akatopa muwalole kubwerera msanga. Za uphungu, a chipatala cha St John of God ku Mzuzu angakuthandizeni.