Kachule ka ku Kihansi komwe kanakwera ndege kupita ku America

Zikomo amfumu, zikomo azimayi ndi azibambo, achinyamata kumbuyoko tasiyani kaye mafoniwo sinditenga nthawi. Lero ndabwera ndi nkhani ya chule. Eya chule, ndaona agogo apa ayamba kale kuseka.

Kwa aneba athu ku Tanzania kuli mapiri a Udzungwa, ndiye kumeneko kuli mtsinje wa Kihansi umene umagwa pamathithi aatali zedi kulowa m'chigwa chakuya cha nkhalango. Madzi akamagwa choncho amachita kankhungu, kumangonyowetsa udzu ndi miyala usana ndi usiku chaka chonse ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. M'kankhungu kameneko ndi mmene munkakhala kachule kachikasu, kakang'onong'ono sikapitirira masentimita 3, kakhoza kukhala pachala ichi osagwa. Asayansi anakapeza mu 1996 ndipo padziko lonse malo ake anali amenewo basi, pafupifupi maekala asanu, munda wa banja limodzi tinene.

Chodabwitsa chake, achule omwe timawadziwa ife amaikira mazira m'madzi kenako mbululu zija ana amaseweretsa m'zithaphwi, koma aka ayi, mazira amaswera m'mimba mwa mayi ndipo kamabereka tiana tathunthu ta miyendo kale. Sikafuna dziwe, kamangofuna chinyontho chija.

Tsono nthawi imene amakapezayo nkuti ntchito yomanga damu la magetsi pamtsinje womwewo ili mkati, la mamegawati 180, ndalama zina zochokera ku World Bank. Apa ndisanamizire munthu, magetsi tonse timawafuna, nafenso athu ambiri amachokera m'madzi a Shire. Koma damu litayamba ntchito madzi anapatutsidwa kudutsa pansi kupita kumakina, pamathithi panangotsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Munthu ukaima n'kuyang'ana umati mtsinje ulipo ukuyenda, koma nkhungu ija inali itapita, ndipo kachule kamakhala munkhungu osati mumtsinje. Ine pamenepa ndi pomwe pamandikhudza, chifukwa chimene chinasowacho sichinthu choti ungatunge mundowa nkuyeza.

Ndiye anachita zotani? Anaika mapaipi ndi masipirinkala ngati a kuesiteti aja kuti aziwaza madzi kupanga nkhungu yochita kupanga. Komanso mu 2000 anatola achule 499 kuwakweza ndege mpaka kumalo osungirako nyama a Bronx Zoo ku New York, ku America, ena anakasungidwa ku Toledo Zoo ku Ohio. Tangoganizani, enafe ngakhale pasipoti tilibe.

Kunyumba kuja poyamba zimaoneka ngati zikuyenda, achule anayambanso kuchuluka, koma mu 2003 anangoyamba kufa mwaunyinji. Panapezeka kafangasi kotchedwa chytrid kamene kapha achule m'maiko ambiri, kamagwira khungu, ndipo mudziwe kuti chule amamwa madzi komanso kupuma kudzera pakhungu lomwelo, likaonongeka basi kwatha. Pofika 2009 bungwe la IUCN, lomwe limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yotha padziko, linalengeza kuti kutchire kachuleka kulibenso, kangotsala m'mabokosi a magalasi osungiramo achule ku America.

Koma aja a m'magalasi anaswana, atavutika nawo kaye poyamba mpaka kudziwa kutentha ndi chakudya chomwe amafuna, anafika masauzande. Mu 2010 achule 100 anabwerera ku Tanzania kukasungidwa ku University of Dar es Salaam, ndipo mu 2012 anayamba kuwamasula m'chigwa cha makolo awo chija. Poti damu likadalipo, nkhungu yomwe anakaipeza ndi ya mapaipi ija, yofuna munthu aziyendera kuti isatsekeke ndi matope.

Amayi apo munakweza dzanja kalekale, funsani.