Makalata a Omvera: Kujambula Munthu Osamupempha

Takulandirani, omvera athu, ku chigawo cha makalata anu. Sabata ino ambiri mwalemba za anthu amene amajambula anzawo ndi foni kapena kamera panjira, pamsika ndi pamisonkhano, ndipo ndasankhapo makalata atatu. Yoyamba yachokera kwa mayi ena a kufupi ndi Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo akuti:

"Ine ndine mayi wa ana anayi. Mwezi wa Julaye, pamene alendo amachuluka kuno chifukwa cha mpikisano wothamanga wa onyamula katundu kuphiri, ana anga awiri ankasamba kumtsinje masana, ine ndikuchapa chakumtunda pang'ono. Panadutsa alendo atatu opita ku Dziwe la Nkhalamba, ndipo mmodzi anagwada pamwala n'kuyamba kuwajambula. Wamng'onoyo, wa zaka 5, anali asanavale. Mlendoyo anawapatsa masiwiti n'kumapita, osandipatsa ngakhale moni. Patapita miyezi iwiri, mlongo wanga wa ku Johannesburg ananditumizira chithunzicho atachiona pa Facebook, chili ndi mawu achingerezi onena kuti awa ndi ana amasiye osowa thandizo. Ine ndili moyo, bambo awo ali moyo, ndipo ana anga sagona ndi njala. Kodi ndichite chiyani?"

Mayi, pepani kwambiri, ndipo musadziimbe mlandu, chifukwa munali pantchito yanu pamalo pamene mumachapa masiku onse. Kwathu kuno munthu salowa pakhomo pa mnzake asananene kuti "odi" ndi kudikira kuti amuyankhe, ngakhale chitseko chitakhala chosatseka. Mtsinje ndi wa tonse, inde, koma thupi ndi nkhope ya mwana wanu si za aliyense wodutsa, ndipo pakhomo poyenera kuodira panali pa inu, amene munali poonekera ndi zochapa zanu m'manja. Masiwiti si chilolezo. Mwana wa zaka 5 amamwetulira aliyense womupatsa chotsekemera, ndipo sangadziwe kuti chithunzi chikalowa pa intaneti chikhoza kudzamupeza ali ku sekondale, anzake akupatsirana pafoni n'kumamuseka. Chimene chandiwawa koposa m'kalata yanu ndi mawu aja akuti ana amasiye, pakuti munthuyo anakuphani ndi mawu muli moyo kuti anthu akwawo amuone ngati wachifundo.

Malamulo ali kumbali yanu. Gawo 21 la malamulo aakulu oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosalowereredwa pa moyo wake wamseri, ndipo kuyambira 2017 malamulo omwewo amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Palinso lamulo la 2016 loona za intaneti, limene limaletsa kufalitsa zithunzi zolaula za ana ndi kuzunza munthu kudzera pafoni kapena pakompyuta, ndipo apolisi ndi amene angaone pamene nkhani yanu ikugwera. Uzani mlongo wanu asunge umboni, ajambule tsambalo monga likuonekera, dzina la mwini wake ndi tsiku limene anaikapo chithunzicho, kenako adandaule kwa a Facebook pabatani lodandaulira, chifukwa malamulo awo salola zithunzi za ana ali maliseche. Inuyo pitani ku Victim Support Unit, nthambi ya kupolisi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, ndipo mukhozanso kuimba 116, nambala yaulere yothandizira ana.

Ndilankhuleko ndi achimwene athu operekeza alendo kuphiri. Inu ndinu amene mumamva zinenero zonse ziwiri, ndipo mlendo amene akudalira inu kuti mumufikitse pa nsonga ya Sapitwa, mamita 3,002 kumwamba, sangakane kukumverani mukamuuza pansi pomwe pano kuti ayambe wapereka moni kwa kholo asanatulutse kamera.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mnyamata wa ku Luchenza, amene amadya za kujambula. Iye akuti:

"Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo mwezi wa Okutobala ndimapita kwa Chonde ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, kumene kumakhala anthu osawerengeka. Kodi ndizipempha aliyense? Komanso chithunzi chokongola ndi chimene munthu sakudziwa kuti akujambulidwa, chifukwa akangodziwa amaima njo ngati msilikali, kumwetulira konse kutathawa."

Achimwene, funso lanu ndi la munthu wodziwa ntchito yake, ndipo sindikuuzani kuti muzizungulira bwalo lonse mukupempha mmodzimmodzi. Ovina tchopa, gule amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2014, amabwera atavala zikopa ndi nthenga zawo kuti aonedwe, ndipo khamu likajambulidwa lonse pamodzi palibe amene walozedwa chala. Zimasintha pamene mwakoka kamera kuti idzaze nkhope ya munthu mmodzi, kaya ndi agogo amene akhala pambali akudya kalongonda, kaya ndi mayi akuyamwitsa, kaya ndi bambo amene mowa wawagwetsa pansi pa mtengo. Anthu amenewa sanabwere kudzaonetsedwa, ndipo bambo ogona aja ali ndi apongozi ndi ana amene ali m'magulu a WhatsApp omwe chithunzicho chikafikeko dzuwa lisanalowe.

Pa za kuima njo, mukunena zoona, koma mankhwala ake si kuba chithunzi. Khalani pansi ndi agogowo, muwapatse moni, mufunse kumene achokera, ndipo pakapita kanthawi adzaiwala kamera n'kuyamba kuseka monga amasekera kwawo. Ngati mwajambula mwadzidzidzi chifukwa chinthucho sichikanadikira, pitani mukawaonetse chithunzicho, muwauze mosabisa kumene chikupita, ngati ndi pa tsamba lanu, m'nyuzipepala kapena pa kalendala yogulitsa, ndipo akakana mufufute iwo akuona. Chimodzimodzinso ndi amayi othyola tiyi m'minda ya ku Thyolo ndi Mulanje, amene apaulendo amaimitsira galimoto kuti awajambule ndi madengu kumsana, ngati kuti nawonso ndi mbali ya mundawo. Kwa ana, pemphani kholo kapena womulera, ndipo musalembe dzina la mwanayo, sukulu yake kapena mudzi wake. Apa ndikutsindika makamaka za ana achialubino, amene akhala akusakidwa m'dziko muno, chifukwa chithunzi chosonyeza nkhope ndi njira imene mwana amadzera popita kusukulu chikhoza kulondolera chigawenga.

Mukapita kumudzi kumene simukudziwika, yambani mwaonekera kwa mfumu. Tonse tikukumbukira chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafala m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokhala achilendo. Mphekesera zija zinali zabodza ndipo kupha kuja kunali kulakwa kwakukulu, koma zinatisonyeza kuopsa kofika pakati pa anthu ndi chipangizo m'manja usananene kuti ndiwe yani.

Kalata yomaliza ndi ya aphunzitsi ena a kufupi ndi Muloza. Akuti pa nthawi ya namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anajambula anthu amene anathawira pamsasa n'kutumiza zithunzizo kwa anzawo a m'tauni, ndipo ufa ndi mabulangete zinabweradi. Koma mpaka lero mtima umawagunda akaona chithunzi cha mayi ena akulira, atakumbatira mwana, nsalu ili yamatope okhaokha. Akufunsa ngati analakwa.

Aphunzitsi, simunalakwe pofuna kuti anthu aone tsoka limene linatigwera, ndipo amene anafunda mabulangete aja akanakuthokozani. Chimene sindingachivomereze ndi chija anachita ena masiku amenewo, chotumiza zithunzi za mitembo m'magulu a pafoni achibale asanamve, pamene mwambo wathu umati uthenga wa maliro upite ndi munthu wodziwa kuufikitsa, ayambe wakhala pansi ndi kuona amene ali pakhomopo. Inu simunachite zimenezo. Komabe kugunda kwa mtima wanuko ndikukumvetsa, chifukwa mayi aja munawajambula pa tsiku loipitsitsa la moyo wawo, pamene sakanatha kuvomera kapena kukana, ndipo ntchito imene chithunzicho chinatumidwa inatha kalekale. Ngati akadali m'dera lanu, apezeni pakhomo pawo, muwaonetse chithunzicho muli awiri, muwauze amene munawatumizira ndi zimene zinabwera chifukwa cha icho. Mwina adzafuna kuti muwatsukire chimodzi asunge, mwinanso adzati chichotsedwe, ndipo akatero muchifufute m'foni mwanu ndi pa tsamba lanu, kenako muwalembere anzanu a m'tauni aja kuti nawonso achite chimodzimodzi.