Mphwanga, Zilipano ali ndi bere, tamvera kuno

Halo mphwanga, ndi malume ako. Uthenga wako uja ndaumva m'mawa ndili kumunda, ndiye ndati ndifike kaye pakhomo, ndikhale pansi, chifukwa nkhani iyi si yoyankha munthu uli ndi khasu m'manja. Ndilankhula nthawi yaitali ndithu, usadandaule za bandulo. Galu wamkota sakandira pachabe.

Wati unamuona galu wako Zilipano atagwirana ndi mphongo ya aneba pa 5 Disembala. Chabwino, wachita bwino kusunga tsikulo. Bere la galu limatenga masiku 63, nthawi zina kucheperapo kapena kupitirirapo ndi masiku anayi kapena asanu. Ndiye ukawerenga bwinobwino ukufika pa 6 Febuluwale. Lemba pakhoma. Ndipo taona nyengo yake, Febuluwale, mvula ili pakati, chimanga chakwera mtengo, m'nyumba momwe ufa ukuchita kuyezedwa. Ana agalu obadwa nthawi imeneyi amafa ambiri, ndipo chimawapha si ufiti ayi, ndi njala ya mayi wawo, chinyezi, ndi njoka za m'mimba.

Ndiyambe ndi chakudya, chifukwa apa ndi pamene ambirife timalakwa. Galu wathu timamupatsa mkute, kapena timangovundulira madeya m'madzi ozizira, basi tati wadya. Mimba imadzadza inde, koma galu si nkhumba, si nkhuku. Thupi lake limafuna za nyama. Galu wa madeya okhaokha umamuona, nthiti zili mbee, ubweya ukusosoka, ndiye yemweyo ukumuyembekezera kuti akulitse ana asanu ndi mmodzi m'mimba. Atenga kuti?

Madeya enieniwo uwayang'anitsitse. Ili ndilo ndikufuna ulimve kuposa zonse. Madeya akanyowa n'kuikidwa m'thumba asanaume, amachita chuku, ndipo chuku chimenecho chimatulutsa poizoni amene akatswiri amamutcha aflatoxin. Poizoni ameneyu amawononga chiwindi, ndipo galu ndi mmodzi mwa nyama zimene sizipirira naye n'komwe. Mu 2024 boma la Zambia linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya cha chimanga choipitsidwa choncho, ndipo chaka chomwecho kuno kwathu madokotala a ziweto ku Blantyre anadandaulanso za agalu ambiri amene anafa ndi madeya. Usaganize kuti ukaphika ndiye wapha poizoniyo. Safa ndi moto. Ine ndinataya galu wanga wakuda uja, ukumukumbukira, chifukwa cha thumba limodzi lotchipa limene ndinagula pachigayo china. Linkamveka kafungo ka chinyezi, ine n'kumati aa, n'za galu izi. Anayamba kukana chakudya, kusanza, kenako maso ndi nkhama zinasanduka zachikasu. Pomwe ndimathamanga naye n'kuti madzi atafika kale m'khosi. Ndiye iwe, lowetsa dzanja mpaka pansi pa thumba. Akakhala otentha m'kati, oumbika mabuluma, obiriwira kapena akuda, kapena fungo lake likukukayikitsa, asiye. Bola upungule mgaiwa wa m'nyumba womwewo. Thumba lake liike pathabwa, osati pansi pa simenti.

Kaphikidwe kanga ndi aka. Makapu atatu a mgaiwa kapena madeya abwino, kapu imodzi ya bonya kapena usipa wosinja, ndiphike phala lolimba lipse ndithu. Fumbi la usipa lotsalira pansi pa dengu lija, amayi a pamsika amagulitsa motchipa, n'labwino kwambiri, lili ndi minga yomwe imalimbitsa mafupa. Tsiku lina uponyemo dzira lophika, tsiku lina maungu kapena mbatata, tsiku lina upite kwa abutchala akupatse mapapo, matumbo kapena kachiwindi pang'ono, uwiritse. Soya aliko, koma akhale wokazinga kapena wophika bwino, wamuwisi amatupitsa mimba. Lizizire kaye usanamupatse. Madzi akumwa akhalepo usana ndi usiku, m'mbale yotsuka, osati yobiriwira ndi ndere ija ndinaiona kuseri kwa khitchini yanu.

Masabata asanu kapena asanu ndi limodzi oyambirira, mudyetse monga mwa masiku onse, bola chikhale chakudya chenicheni. Kuyambira pakati pa Januwale ndiye uziwonjezera pang'onopang'ono, ndipo uzimugawira katatu kapena kanayi patsiku, chifukwa ana adzakhala atadzadza mimba, sangathe kudya zambiri nthawi imodzi.

Zina usamupatse. Mafupa a nkhuku ophika amasweka ngati singano, amabaya matumbo. Ndiwo zotsala za anyezi wambiri ndi adyo, ayi, zimawononga magazi a galu. Chokoleti ana asamamuponyere. Ndipo chonde, akadwala usatsegule kabati ya mankhwala a anthu. Brufen ndi Panado zapha agalu ambiri m'manja mwa eni ake owakonda. Komanso zija anyamata amanena zoti umudyetse tsabola kapena chamba kuti akhale wolusa, n'zachibwana. Galu wokhuta, wodziwa pakhomo pake, amauwa yekha mlendo akafika.

Dikira pang'ono, azakhali ako akufuna mpandowu.

Eya, ndabwera. Tsopano malo oswera. Ukonze kukatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti awazolowere, apo ayi akakuswera kuseri kwa bafa kapena m'dzenje pansi pa nkhuni. Pakhale pouma, posadontha, popanda mphepo, pomwe ana a pakhomo sapitapita. Yala katoni, pamwamba chiguduli kapena bulangeti lakale, ndipo ukhale ndi zosinthira. Osati padothi. Ndikuuza chifukwa chake posachedwa.

Tsiku likayandikira udzaona mawere atadzadza, iye akukana chakudya, akukanda pansi, akupuma mwawefuwefu, akulowa n'kutuluka. Musiye. Galu amadziwa ntchito yake kuposa iwe ndi ine. Mwana akatuluka amang'amba yekha kathumba, amaluma mchombo, n'kumunyambita mpaka alire. Nsapo akadya usadabwe, n'chilengedwe. Pakati pa mwana ndi mnzake pamatha kudutsa theka la ola, ola, nthawi zina amapuma mpaka maola awiri. Iwe ungokhala chapatali n'kumawerenga. Ukaona kuti mwana watuluka koma mayi sakumusamala, ng'amba kathumbako kumaso ndi zala zosamba, umupukute ndi kansalu kouma mwamphamvu pang'ono mpaka alire, n'kumuika pabere. Koma akakhala akukankha mwamphamvu kupitirira theka la ola popanda chotuluka, kapena kwatuluka zamadzi zobiriwira mwana woyamba asanabwere, kapena mwana wakakamira potulukira, usakoke ndi mphamvu, usayambe kufunsa aneba. Imbira a vetenale nthawi yomweyo. Nambala yawo uipeze lero, usadzaifune pakati pa usiku.

Ana onse ayamwe tsiku loyamba lomwelo. Mkaka woyamba uja ndiwo umawapatsa chitetezo cha mayi wawo. Kamene kali kofooka, kamakankhidwa ndi anzake, uzikaika wekha pabere la kumbuyo, ndi limene limakhala ndi mkaka wambiri. Amabadwa osaona, osamva, maso amatsegula pakatha masiku 10 mpaka 14, usawatsegule ndi zala. Masabata oyambirirawa satha kudzitenthetsa okha, ndiye kuzizira kumawapha msanga kuposa njala. Ana okhuta ndi ofunda amagona phee, ataunjikana. Ukamva akulira osalekeza, china chalakwika.

Mayi woyamwitsa amadya kawiri kapena katatu kuposa masiku onse. Ndikubwereza, katatu. Apa ndiye usaumire usipa. Ndipo pali vuto lina limene ambiri salidziwa. M'masabata oyambirira a kuyamwitsa, makamaka ana akakhala ambiri, mayi amatha kuyamba kunjenjemera, kupuma mofulumira, miyendo kuuma, kuyenda ngati woledzera, mpaka kugwa. Anthu amathamangira kunena kuti wadyetsedwa poizoni, ena amati ndi chiwewe n'kutola miyala. Kawirikawiri ndi mchere wa calcium umene wathera mumkaka. Chotsa ana pabere, thamanga naye kwa dokotala, jakisoni wake amamudzutsa tsiku lomwelo. Ukachedwa amafa.

Za dothi zija. Ukudziwa chifukwa chimene amayi ako amasitira zovala zonse nthawi ya dzinja, ngakhale zamkati? Mphutsi. Ntchentche yake imaikira mazira padothi la pamthunzi pamene pali mkodzo kapena chimbudzi, ndi pansalu zonyowa. Kagalu kakagona pamenepo mphutsi zimalowa pakhungu, umangoona tizithupsa tokhala ndi kabowo pakati, pamimba, m'mapazi, kumchira. Ndaonapo kagalu kamodzi kali ndi zoposa makumi awiri. Paka Vaseline pakabowopo kuti isowe mpweya, dikira pang'ono, finya pansi pake mofatsa ituluke yathunthu, tsuka ndi madzi a mchere. Koma chachikulu n'kusintha zogonera ndi kusesa pamalopo tsiku lililonse.

Njoka za m'mimba ana agalu ambiri amabadwa nazo, zina amayamwira mumkaka. Kagalu kamimba yotupa ngati mpira, nkhama zoyera, ubweya woimaima, ndi njoka zimenezo. Mankhwala ake uwapatse akakwana masabata awiri, anayi, asanu ndi limodzi, ndi asanu ndi atatu. Kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi isanu ndi umodzi, akakula miyezi itatu iliyonse. Mayi wawo amwe nawo limodzi. Ugule m'sitolo ya mankhwala a ziweto, unene msinkhu ndi kulemera kwawo, chifukwa mlingo wake umayendera sikelo. Ana ako aja akasewera ndi tiagalu azisamba m'manja ndi sopo, njoka zina zimalowanso mwa anthu.

Nkhupakupa ndi utitiri uzimuyang'ana mayi m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Nkhupakupa imapatsa galu matenda otha magazi, amangofooka, thupi kutentha, nkhama kuyera, mkodzo kufiira. Koma dibi ya ng'ombe usayerekeze kusambitsira tiana kapena mayi woyamwitsa. Funsa mankhwala oyenera msinkhu wawo. Oyilo wakuda wa galimoto amene ena amapaka galu wa mphere, ameneyo ndi poizoni chabe.

Akakwana masabata atatu kapena anayi, yamba kuwapatsa phala lamadzimadzi la mgaiwa wosefa, usipa wosinja bwino ndi dzira, m'mbale yosazama. Adzapondamo, adzadzipaka, zilibe kanthu. Mkaka wa ng'ombe umawatsegula m'mimba ambiri a iwo, usaudalire. Ndipo ndikudziwa anthu ayamba kale kulembetsa, wina akuti wanga wamphongo, wina akuti wanga wamawanga. Auze adikire mpaka masabata asanu ndi atatu, kumayambiriro kwa Epulo. Tiagalu timene amagulitsa m'mphepete mwa msewu tili m'manja tija, ambiri amatilanda kwa mayi tisanakhwime, n'chifukwa chake munthu amagula Loweruka, Lachinayi wakwirira.

Katemera woyamba alandire asanachoke pakhomo pako, ali ndi masabata 6 mpaka 8, ndipo amabwereza pakatha masabata atatu kapena anayi aliwonse mpaka afike masabata 16. Ameneyu ndi wolipira, koma ndi amene amateteza ku parvo, matenda aja kagalu kamasanza n'kumatsegula m'mimba zamagazi zonunkha koopsa. Parvo akalowa pakhomo amatha kusesa ana onse m'sabata imodzi, ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Pasimenti umatsuka ndi Jik, padothi palibe chochita. Ndiye asanamalize katemera asamayendeyende kunja kwa mpanda.

Wa chiwewe ndi pa miyezi itatu, kwa tiagalu tako timeneti ndi kumayambiriro kwa Meyi, kenako chaka chilichonse. Inu a ku Blantyre muli ndi mwayi, a Mission Rabies, bungwe lolimbana ndi chiwewe, akhala akubaya agalu ulere kumeneko kuyambira 2015, amaima m'masukulu a pulayimale, ndipo amalengeza. Ukamva, nyamula onse, ngakhale tating'ono, iwo ndiwo aone. Kapepala kamene amapereka kaja ukasunge ngati chiphaso. Zoti katemera amafoola galu, sauwanso, sasakanso, n'zabodza, anga onse ndi obaya ndipo wakuba sanaponde pano. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu, ngakhale kagalu, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro sichichizika.

Chomaliza, Zilipano yemweyo. Galu wamkazi amafuna mphongo pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, kwa masabata awiri kapena atatu. Ndiye ukangomulekerera, pasanathe chaka ali ndi bere lina, thupi lisanabwerere. Komanso ili ndi bere lake loyamba ali ndi chaka chimodzi chokha, wafulumira, bwenzi atadikira afike chaka ndi theka kapena ziwiri. Kukwerana ndi agalu oyendayenda kumabweretsanso chotupa china cha kumaliseche chimene chimadontha magazi, amapatsirana pokwerana pomwepo. Chimachizika ndi majakisoni, koma ndi ndalama. Ine maganizo anga, ana akaleka kuyamwa, mawere akauma, upite naye akamutseke. A BSPCA, bungwe losamalira nyama, ali komweko ku Blantyre, ukafunse tsiku ndi mtengo. Sasiya kulondera chifukwa chotsekedwa.

Batire yatsala pang'ono. Akaswa unditumizire chithunzi, ndione nkhama za mayi ndi pogona pawo. Ndipo kakakazi kamodzi usapatse munthu, n'kanga, ndidzatenga ndikamabwera pa Isitala kapena kupitirira apo. Upereke moni kwa amayi ako.