Pini sitchulidwa: zomwe zinayankhulidwa pamsonkhano wa m'mudzi kufupi ndi Limbuli

Zikomo amfumu pondipatsa mpata. Zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kuseri kwa mtengowo. Senderani kuno, kamphepo kakuchokera kuphiriku kakuthawitsa mawu.

Ambiri mumandidziwa, ndimakhala pakanyumba kotumizira ndi kutapira ndalama pamsika pa Limbuli. Chandibweretsa ndi zija zinachitika Lachinayi lapitali. Dzina sinditchula, mwiniwake ali pompano ndipo mtima ukadali kuwawa. Mayi mnzathu anabwereka K120,000 kubanki mkhonde kuti agule feteleza, n'kuisunga mufoni poopa akuba a usiku. Dzuwa lili paliwombo, foni inalira. Bambo wa mawu aulemu, Chichewa chosalala, akuti ndikuyimba kuchokera kuofesi, nambala yanu itsekedwa lero lomwe chifukwa siyikugwirizana ndi chiphaso chanu cha unzika. Mayi uja mtima phaa, kuganiza za ndalama ya gulu. Bamboyo akuti musade nkhawa mayi, bwerekani foni ya mnzanu ndikuyimbireni pamenepo, kuti yanuyo muzibaya zomwe ndikuuzeni. Anawayendetsa pang'onopang'ono: bayani ichi, bayani icho, lembani manambala awa, tsopano ikani pini yanu kuti titsimikize. Manambala aja anali foni ya wakubayo ndi kuchuluka kwa ndalama. Mayi anatumiza okha ndi chala chawo, osadziwa kuti akutumiza. Anafika pakanyumba panga akunjenjemera, chitenje chili m'manja.

Musawaseke. Ndaonapo aphunzitsi akuberedwa chimodzimodzi, ndaonapo akapitawo a kuesiteti, anthu owerenga bwinobwino. Akathyali amenewa ndiyo ntchito yawo, amadzukira yomweyo, ndipo ena mwa iwo amayimba ali m'kati mwa ndende.

Ndiye mawu anga lero ndi amodzi, mukaiwala zina zonse awa okha mupite nawo kunyumba. Pini sitchulidwa. Ndipo pini sibayidwa chifukwa munthu wapafoni wakuuzani kuti mubaye. Tanenani nonse.

(Anthu abwereza.)

Eya. Manambala anayi aja ndiwo loko wa nkhokwe yanu. A Airtel Money safunsa pini yanu, a TNM Mpamba safunsa, a MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni, safunsa, apolisi safunsa. Ine ejenti amene mumandipatsa ndalama m'manja sindiyenera kuidziwa. Koma inu mumafika pakanyumba paja, mzere uli mbwee kumbuyo kwanu, n'kundiponyera foni: "Achimwene tapangani, pini yake ndi chakuti chakuti." Mokuwa! Msika wonse wamva, mpaka wogulitsa nanazi kutsidya kwa msewu. Ndikakubwezerani foni kuti mubaye nokha mumati ndine wamwano. Si mwano amayi anga, ndikukutetezani. Ena munalemba pini pakapepala n'kukamata kumbuyo kwa foni. Ena munaika chaka chobadwa, chomwe chalembedwa pachiphaso chomwe mumasunga m'kachikwama kamodzi ndi foniyo. Wotola kachikwamako watola zonse.

Njira zawo n'zambiri, koma fungo lake ndi limodzi: amakufulumizitsani. Wina amatumiza meseji yooneka ngati mwalandira ndalama, kenako n'kuyimba akulira, pepani ndalakwitsa nambala, inali ya maliro, ndibwezereni. Taonani kaye komwe mesejiyo yachokera. Ya kampani imabwera ndi dzina la kampani pamwamba, m'malo omwe mameseji ena onse a ndalama amafikira. Ya wakuba imachokera panambala wamba ngati yanga ndi yanu, yoyamba ndi 099 kapena 088. Ndipo musakhulupirire maso okha. Dulani foniyo, bayani *211# ngati ndinu a Airtel, *444# ngati ndinu a TNM, muone nokha ndalama zomwe zilimo. Ngati sizinachuluke, palibe chomwe chabwera. Ngati zabweradi molakwika, muuzeni akadandaule kukampani, iwo ali ndi njira yake yobwezera.

Wina amati mwana wanu wagwa kusukulu, tili naye kuchipatala, tumizani ya mankhwala msangamsanga. Wina amati dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo, kapena pa feteleza wotsika mtengo, tumizani K5,000 yolembetsera. Amfumu ali pano andikonze ngati ndikunama: kodi maina a zinthu zimenezi amalembedwa pafoni usiku? Amalembedwa poyera, anthu akuona. Thandizo loti uyambe walipira kuti ulilandire, limenelo ndi msampha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dulani foni, yimbirani aphunzitsi amene mumawadziwa, funsani mnansi. Mphindi zisanu zokha wakuba sazipirira.

(Agogo ena aimika dzanja: "Mwanawe, iwe ukuti pini sitchulidwa. Nanga ine maso anafooka, sukulu sindinapite. Mwana wanga ali ku Joni amatumiza ndalama, amene amandibayira ndi mdzukulu. Ndiye ndizitani, ndizingoiyang'ana foniyo?")

Agogo, zikomo, mwafunsira anthu ambiri amene akhala chete pano. Sindinganene kuti mdzukulu wanu ndi wakuba, ayi. Adzukulu ambiri akusamala azigogo awo mokhulupirika. Koma ndikuuzeni zomwe ndimaona pakanyumba paja. Kumabwera mnyamata ndi foni ya agogo ake, akutapa K20,000, kunyumba akukapereka K15,000, akuti zinazo adula. Mwezi wamawa chimodzimodzi. Poyamba amangotengako ya bandulo, kenako ya mpira wobetcha, mapeto ake mwana wanu ku Joni akudabwa kuti ndalama amatumiza koma amayi akudandaulabe njala. Chibale chimatha ndi zimenezi.

Ndiye tichite chonchi agogo. Choyamba, manambala anayi si sukulu. Ndalama mumaziwerenga, K500 ndi K2,000 simuzisokoneza. Mabatani a foni sasuntha, pomwe pali 5 lero ndi pomwe padzakhale 5 mawa, ndipo pamafoni ambiri a mabatani, pa 5 pamakhala kakadontho kotukuka koti chala chimakamva ngakhale mumdima. Tikhoza kukhala pansi ine ndi inu, chala chanu chizolowere njira yake monga chinazolowerera kusankha nyemba m'lichero. Mdzukulu azibaya zina zonsezo, ikafika pa pini azikupatsani foni, iye ayang'ane kumbali. Mdzukulu wabwino sangakwiye nazo.

Ngati maso akanikiratu, sankhani munthu mmodzi. Mmodzi yekha, osati nyumba yonse. Ndipo popita kukatapa muzipita naye limodzi, ndalama ejenti aziwerengera m'manja mwanu, inu mukumva kuti zatapidwa zingati ndipo zatsala zingati. Mumuuzenso mwana wanuyo kuti akatumiza aziyimba, anene ndi pakamwa pake kuti amayi ndatumiza zakutizakuti. Pa WhatsApp pali kachizindikiro kokhala ngati maikolofoni, munthu amangokakanikiza n'kuyankhula, uthenga umapita ndi mawu ake enieni, osalemba chilembo n'chimodzi chomwe. Inunso mukhoza kumuyankha chomwecho, m'Chilomwe momwe ngati mukufuna. Mawu a mwana wanu mumawadziwa. Ndipo ikadzabwera nambala yachilendo ikuti amayi ndine, ndasintha nambala, ndili pamavuto, musatumize kanthu musanamve mawu ake. Nambala ya ku South Africa imayamba ndi +27, ya kwathu kuno +265, ya kwa anzathu ku Mozambique +258. Mdzukulu aziona zimenezo n'kukuuzani. Mwamva agogo? Tikamaliza pano musachoke, tiyambe lero lomwe.

Tsopano inu a mafoni otsetsereza chala, inu achinyamata. Pa WhatsApp palinso pini ina. Pamabwera meseji ya manambala asanu ndi limodzi, kenako wina, mwina dzina la mnzanu wa kutchalitchi, n'kulemba kuti ndatumiza manambala kwa iwe molakwika, tanditumizire. Mukangotumiza, WhatsApp yanu yasamukira pafoni ya wakuba. Ayamba kupempha ndalama kwa abale anu onse m'dzina lanu, ndi chithunzi chanu. Manambala amenewonso satchulidwa, satumizidwa.

Ndikudzudzuleni pang'ono, wakutsina khutu ndi mnansi. Chala chanu chimafulumira kutumiza zinthu m'magulu. Ife a kuno tikudziwa kuwawa kwa mphekesera. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inazungulira Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa anaphedwa, ogwira ntchito zachipatala ankaopa kulowa m'midzi. Nthawi imeneyo mafoni a intaneti anali ochepa kuyerekeza ndi lero. Ndiye taganizani liwiro lake panopa. Namondwe wa Freddy anatipweteka mu Malichi 2023, mabala ake sanapole. Koma mvula ikangogwa masiku awiri, wina amafukula kanema wa nthawi imeneyo n'kulemba kuti napolo watsika lero. Anthu kuthawa usiku ndi ana kumsana, wina kuthyoka mwendo pachabe. Choopsa china n'chakuti tsiku lomwe chenjezo lidzakhale loona, anthu adzati ndi zija za pa WhatsApp. Musanatumize dzifunseni: wajambula ndani, liti, kuti? Tsegulani wailesi, yimbirani munthu wa kumaloko. Ndipo zithunzi za anthu ovulala pangozi kapena za mtembo, amenewo ndi abale a eni ake, musamazimwaze. Lamulo la za pa intaneti lilipo m'dziko muno kuyambira 2016, ndipo anthu amamangidwa nalo.

Ndaona amayi ayamba kusuzumira dzuwa, miphika ikudikira. Ndithamange ndi zotsalazi.

Bandulo ikumatha msanga chifukwa makanema a m'magulu amadzitsitsa okha. Lowani muzokonzera za WhatsApp, pomwe pali za data, muletse kudzitsitsa kokha, muzisankha nokha choti mutsegule. Mukamaliza zimitsani data, chifukwa bandulo ikatha foni imatha kuyamba kudya mayunitsi. Inu a ku Muloza ndi amene mumapita kumsika ku Milange, muziyang'ana dzina la netiweki pamwamba pa foni, nthawi zina imagwira ya ku Mozambique ndipo mtengo wake ndi wina. Foni muziikira loko, kaya manambala, kaya chala. Pokatchajitsa kumsika, izimitseni kapena chotsani simu. Simu ikhale yolembetsedwa ndi chiphaso chanu, osati cha alamu anu, ndipo chiphaso chanu musabwereke munthu kuti akalembetsere simu yake, akakaba nayo apolisi adzagogoda pakhomo panu. Foni ikatayika musalire kuti ndalama zapita, ndalama sizikhala m'chitsulomo, zimakhala panambala yanu. Thamangani kushopu ya kampani ndi chiphaso, atseke simu yakale akupatseni ina ya nambala yomweyo. Mukaberedwa ngati mnzathuyu, tsiku lomwelo dziwitsani kampani ndi apolisi, mameseji musafufute, ndiwo umboni. Malinki akuti dinani apa mulandire data yaulere kapena ntchito kunja, asiyeni. Potumiza ndalama, dzina la wolandira limaoneka musanaike pini, liwerengeni kaye.

Ndipo pini ija? Tanenaninso.

(Anthu: "Sitchulidwa!")

Amene pini yanu ndi chaka chobadwa, kapena 1234, kapena munaitchulapo pagulu, bwerani kuno kumpandoku mmodzimmodzi tisinthe. Ine ndikusonyezani pobaya, ikafika poika yatsopanoyo nditembenuka. Agogo aja ayambe ndi iwo. Amfumu, ndabweza mawu kwa inu, paja mumati pali nkhani ya mlatho.