Usiku umene Vince Young anakanika kugwidwa

[Pa sikirini: bwalo la Rose Bowl usiku, anthu ali thothotho]

Takulandirani nonse. Lero tili ku America, mumzinda wa Pasadena ku California, pa 4 January 2006, pa masewero olimbirana chikho cha dziko lonse cha mpira wa ku America wa m'makoleji. M'bwalomu muli anthu 93,986, ndipo ena oposa 35 miliyoni akuonera pa kanema. Koma akusewerawo ndi ana asukulu, ophunzira a pa yunivesite, amene nthawi imeneyo malamulo sankawalola kulandira malipiro. Musadabwe, kumeneko mpira wa m'makoleji umadzaza mabwalo aakulu kuposa a matimu a akatswiri a mu NFL.

Kwa amene mpira wa ku America umakuzunguzani mutu, gwirani izi zokha. Bwalo ndi lotalika mayadi 100, ndipo yadi imachepera pang'ono pa mita. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10. Ikakwanitsa, kuwerenga kumayambiranso. Ikalephera, mpira umapita kwa anzawo pamalo omwewo, nchifukwa chake mpata wachinayi ukafika matimu ambiri amangoumenya kutali kuti adani akayambire kumbuyo. Kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo ndiye touchdown, mapointi 6. Ndipo amene amalandira mpira poyamba n'kusankha kuuponya, kuupereka kapena kuthamanga nawo yekha ndi quarterback. Basi, zina zonse muzimva tikamapita.

Mukafunsa kuti ndani anasewerapo modabwitsa kwambiri pa masewero amodzi, okonda manambala ali ndi mayankho awo. Patrick Mahomes, ali ku Texas Tech mu 2016, anaponya mayadi 734 polimbana ndi Oklahoma, kuphatikiza ndi othamanga anakwana 819. Timu yake inagonjabe 66 kwa 59. Mu November 2014 Melvin Gordon wa Wisconsin anathamanga mayadi 408 pa Nebraska, n'kuphwanya mbiri ya 406 imene LaDainian Tomlinson anakhala nayo kuyambira 1999. Munthu wamkulu anasangalala sabata imodzi yokha, chifukwa Loweruka lotsatira Samaje Perine wa Oklahoma anathamanga 427 pa Kansas.

Vince Young, quarterback wa yunivesite ya Texas, usiku wa ku Pasadena anapeza mayadi 467. Kwa Mahomes sakufikako n'komwe. Koma ine mukandifunsa, dzina ndi lomweli, ndipo chifukwa chake chili pa amene ankalimbana nawo.

[Pa sikirini: osewera a USC atavala zofiira ndi zachikasu]

Awa ndi a University of Southern California, USC. Anabwera atapambana masewero 34 motsatizana pansi pa mphunzitsi Pete Carroll. Quarterback wawo Matt Leinart anali atalandira Heisman Trophy mu 2004, mphoto ya wosewera wopambana onse m'makoleji. Reggie Bush anali atangolandira ya 2005. Anthu awiri a Heisman m'timu imodzi, kuwonjezera LenDale White, chimunthu cholemera chongogumula njira. Bwalonso linali pakhomo pawo, chifukwa Pasadena ndi Los Angeles ndi khomo ndi khomo. Masewero asanachitike, pa kanema wa ESPN anali atayamba kale kuyerekeza USC ndi matimu akuluakulu a m'mbiri, ngati kuti chikho anyamula kale.

Texas ya mphunzitsi Mack Brown nayo inali isanagonjepo chaka chimenecho, koma inali isanatengeko chikho cha dziko lonse kuyambira 1970. Young, mnyamata wa ku Houston wovala nambala 10, anathera pa nambala 2 pa mavoti a Heisman, kumbuyo kwa Bush yemweyo, ndipo sanabise kuti zinamuwawa. Bwalo limeneli ankalidziwanso: chaka cham'mbuyo anathamangiramo ma touchdown anayi pogonjetsa Michigan 38 kwa 37.

Theka loyamba tidutsepo msanga, ngakhale muli zinthu ziwiri zimene anthu amakanganabe. Bush, atathamanga kale mtunda wabwino, anayesa kuponyera mnzake mpira chakumbuyo popanda chifukwa, mpira n'kugwa, Texas n'kutola. Kenako Vince Young anapatsira mnzake Selvin Young mpira womwe unabala touchdown, koma zithunzi zikuonetsa kuti bondo la Vince linali litagunda kale pansi. Oyimbira sanaunikenso. A USC mpaka lero amalira nazo, ndipo kunena zoona ali ndi mfundo. Popita kokapuma Texas inali patsogolo 16 kwa 10.

Atabwerako USC inaonetsa chomwe inkaopedwera. White anagumula, Bush anauluka n'kukagwera pakona, Leinart anapeza Dwayne Jarrett. Kutatsala mphindi 6 ndi masekondi 42, USC inali pa 38, Texas pa 26.

[Pa sikirini: 38 – 26, wotchi pa 6:42]

Apa ndiye pamene nkhani yathu yagona. Taganizani vuto la otchinga kumbuyo a USC. Mukabwerera kukatseka olandira mpira, Young akuona mpata n'kuthamanga. Mukamuthamangira, akuponyera David Thomas pafupi pomwepa, ndipo Thomas usiku umenewo anawakha mipira 10. Young ndi wamtali pafupifupi mamita awiri, mapazi ake ndi ataliatali moti ukamuona umayesa akuthamanga mwaulesi, koma womuthamangitsa akungotsalira. Kugwira Young usiku umenewo kunali ngati kugwira mlamba ndi manja. Anayendetsa timu mpaka pa mayadi 17, anayamba kupita kumanzere, anaona kwatsekeka, anatembenuka n'kudutsa kumanja mpaka kukalowa. 38 kwa 33, kwatsala 4:03.

USC inangofunika kudya nthawi. Inafika pa mzere wa mayadi 45 mbali ya Texas, mpata wachinayi, pakufunika mayadi awiri okha, kwatsala mphindi ziwiri ndi timasekondi. Carroll akanatha kulamula kuti aumenye kutali. Anakana. Ambiri amamunyoza pa chisankho chimenechi, koma ine ndimamumvetsa: akanapeza mayadi awiriwo masewero akanathera pomwepo, ndipo kumupatsa Young mpira, kaya pafupi kaya patali, kunali kofanana. Chimene sindimvetsa n'chakuti Bush anali panja pa bwalo. Wosewera wa Heisman ataima pambali, a Texas anadziwiratu kuti mpira ukupita kwa White, ndipo onse anaunjikana pakati. White anali atagoletsa kale katatu, koma ulendo uno anamuimitsa. Oyimbira anabweretsa tcheni kuti ayeze. Sanafike.

Texas inatenga mpira pakufunika mayadi 56. Panjira anatsala pang'ono kutsamwa, koma wa USC anakoka chitsulo cha kumaso kwa chisoti cha wosewera wa Texas, chilango n'kuwapatsa a Texas mipata ina. Anafika pa mayadi 13. Young anaponya, sizinatheke. Anathamanga pang'ono mpaka pa mayadi 8. Anaponyanso, mpira pansi.

[Pa sikirini: chithunzi chiime, mpata wachinayi, mayadi 5, masekondi 26]

Tiyeni tione pang'onopang'ono. Young waima mapazi angapo kumbuyo kwa mzere wake. Walandira mpira, wabwerera m'mbuyo, maso ali kutsogolo kufuna womuponyera. A USC atumiza anthu owonjezera kuti amupanikize, ndipo mmodzi akubwera chakumanja kwake, koma Justin Blalock wamukankhira kumbali. Taonani danga latseguka apo. Mpira wautsitsa, wauika kukhwapa. Frostee Rucker akuyesa kumudulira, watambasula mkono, wagwira mphepo. Young akulowera pakona yakumanja ali chiimire, osagwa, osadumpha. Wotchi ikuti masekondi 19.

Munthu aliyense m'bwalomo ankadziwa kuti Young akhoza kuthamanga. Carroll ankadziwa, Rucker ankadziwa, wogulitsa zakumwa ankadziwa. Sizinathandize. Pofuna mapointi awiri owonjezera amene timu imatha kuyesa ikagoletsa touchdown, anathamanganso yekha pakati penipeni, 41 kwa 38. USC inali itawononga mwayi wake womaliza woimitsa wotchi, ndipo mpira womaliza wa Leinart unapita pamwamba nthawi n'kutha.

Manambala ake ndi awa: anaponya ka 40, mipira 30 inafika, mayadi 267, osaponyera mdani ngakhale umodzi. Anathamanga ka 19, mayadi 200, ma touchdown atatu. Onani kuti sanaponye touchdown ngakhale imodzi, zonse anakalowa ndi miyendo yake. Musaiwalenso kuti Leinart anaponya mayadi 365 usiku womwewo, masewero oti tsiku lina lililonse akanamutamanda nawo. Awa analinso masewero omaliza a muulutsi wotchuka Keith Jackson pa kanema wa ABC.

Patapita pafupifupi miyezi inayi matimu a NFL anasankha osewera. Bush anatengedwa wachiwiri ndi New Orleans Saints, Young wachitatu ndi Tennessee Titans, Leinart wa nambala 10 ndi Arizona Cardinals. LenDale White anapitanso ku Titans, n'kukhala m'timu imodzi ndi munthu yemwe anamulanda chikho. Young anayamba bwino, analandira mphoto ya wosewera watsopano wopambana, koma sanakhazikike, ndipo pofika 2011 anali atasewera masewero ake omaliza mu ligiyo. Yunivesite ya Texas inapumitsa nambala 10 yake mu 2008 pomulemekeza. Bush anabweza Heisman yake mu 2010 bungwe la NCAA, loyendetsa masewero a m'makoleji, litapeza kuti iye ndi banja lake analandira zinthu zomwe malamulo ankaletsa, ndipo mphotoyo sinaperekedwe kwa Young kapena wina aliyense. Anamubwezera Bush mphotoyo mu April 2024, malamulo atasintha moti ophunzira tsopano amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo.