Kakonzedwe ka thabwa la zakudya la timu ya achinyamata

Omvera, lero tikambirane mmene mungakonzere thabwa la charcuterie, pamene pamayalidwa nyama yodula mopyapyala, tchizi, zipatso ndi mabisiketi, pa tsiku limene timu ya achinyamata ikusonkhana masewera atatha. Anyamata ndi atsikana amenewa amachoka pabwalo ali ndi njala yoopsa, choncho thabwa lanu likhale lokhutitsa, osati longokomera maso.

Musanagule chilichonse, funsani makolo kapena mphunzitsi wa timu ngati pali mwana amene thupi lake limadana ndi mtedza, mkaka kapena tirigu, komanso amene sadya nyama ya nkhumba. Mtedza ndi bwino kungousiya, chifukwa kachidutswa kakang'ono kakhoza kudwalitsa mwana kwambiri, ndipo pamene manja ambiri akutola pamalo amodzi, zakudya sizilephera kusakanikirana. Hamu ndi salami nthawi zambiri zimakhala za nkhumba, motero ikani nyama ya nkhuku kapena ya ng'ombe pa mbale yakeyake, ndi foloko yakeyake.

Ngati osewera akuposa 10, konzani matabwa awiri kuti asamapanikizane. Yambani ndi timbale ta yogati kapena sosi woviikamo, kenako muyale tchizi chodula m'timagawo toti munthu atole kamodzi, makamaka cheddar kapena mozzarella, pakuti tchizi cha fungo lamphamvu achinyamata ambiri amangochiyang'ana n'kuchisiya. Nyama muipinde, musaiunjike, kuti wotola asanyamule zidutswa zisanu zomatana. Mungawerengere magalamu 60 a nyama ndi 60 a tchizi pa munthu aliyense, koma buledi ndi mabisiketi zichuluke, chifukwa ndi zimene zimabwezera mphamvu imene yatha pothamanga. M'mipata yotsala muikemo mphesa, malalanje osenda, karoti ndi nkhaka. Maapozi muwawaze madzi a mandimu kuti asade, ndipo zipatso zamadzi muzitalikitse ku mabisiketi, apo ayi afewa musanayambe kudya.

Tsopano mvetserani bwino za kutentha. Nyama ndi tchizi zisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola 2, ndipo kukatentha kuposa madigiri 32, ola limodzi lokha, chifukwa tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba timaswana msanga pa zakudya zofunda. Nzeru yake ndi kuyala theka lokha poyamba, theka linalo likhale mu firiji kapena m'bokosi la ayezi, n'kumawonjezera pa mbale yatsopano thabwa likamatha. Zimenezi zimathandizanso kuti omwe achedwa kusintha zovala apezeko kanthu.

Pambali pa thabwa ikani timbale tamapepala, mafoloko ndi madzi akumwa okwanira, ndipo aliyense ayambe wasamba m'manja ndi sopo. Nyama kapena tchizi chimene chapitirira nthawi ija muchitaye, musachibwezere mu firiji.