Banki ya ku Tokyo ikagwa m'mavuto, wa ku Ulongwe zimukhudza bwanji?

(Chithunzi: msika wa Ulongwe m'mawa, matumba a mbatatesi akutsitsidwa m'lole)

Moni nonse a ku Angónia, Tsangano, Macanga, ndi inu muli ku Moatize. Lero tiyambira kutali, koma musachoke, tibwerera pamsika pomwe pano.

Kumapeto kwa 1989, mitengo ya masheya ku Japan inali kumwamba. Pofika 1992 inali itagwa kuposa theka. Mabanki a kumeneko ankawerengera phindu la masheyawo ngati gawo la mpamba wawo, ndiye masheya atagwa, mpamba nawo unafota. Pamenepo panali lamulo lomwe mayiko olemera anagwirizana ku Basel mu 1988: pa 100 iliyonse imene banki yakongoza, izikhala ndi 8 yakeyake. Mpamba ukachepa, njira yachidule ndi kuchepetsa ngongole.

Funso ndi lakuti, banki iyamba kumumana ngongole ndani?

Akatswiri awiri a zachuma, Joe Peek ndi Eric Rosengren, omwe ankagwira ntchito ku banki yaikulu ya ku Boston, anafufuza zimenezi n'kutulutsa zotsatira mu 1997 ndi 2000. Anapeza kuti nthambi za mabanki a ku Japan zomwe zinali ku America zinachepetsa kukongoza. Ku California, New York ndi Illinois, komwe mabankiwa anali atazika mizu, ntchito yomanga nyumba zamalonda inatsika. Omangawo sanalakwe kanthu, vuto linali kwa wowakongoza.

(Chithunzi: mlimi akuwerenga ndalama pakhomo pa sitolo ya feteleza)

Mukuidziwa nkhani imeneyi. Chaka chilichonse mumatenga feteleza pangongole kwa bambo uja wa sitolo, mukakolola mumabweza, simunaphonyepo. Chaka china lole yake yagubuduzika, mwana wake ali m'chipatala. Mukafika akungoti, "Pepani achimwene, chaka chino zavuta." Mbiri yanu ili bwinobwino, koma munda ugona.

Chimene chimandisangalatsa ine pa kafukufukuyu ndi nzeru yake. Nthawi zambiri ngongole zikachepa, sudziwa ngati banki yaumira kapena anthu asiya okha kupempha. Apa vuto linabadwira ku Tokyo, kutali ndi omanga a ku California, ndiye zinaonekeratu kuti wotseka chitseko ndi wokongoza.

Tsopano kwathu ku Mozambique. Zathu zinayenda mwanjira ina, ndipo tisabise, zinayambira pakhomo. Mu 2013 ndi 2014, makampani atatu a boma, ProIndicus, EMATUM (ya ngalawa zophera nsomba m'nyanja) ndi MAM, anatenga ngongole ya madola pafupifupi 2 biliyoni kudzera ku mabanki a Credit Suisse ya ku Switzerland ndi VTB ya ku Russia, boma likuikira kumbuyo popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo. Zitaululika mu 2016, IMF, bungwe lokongoza mayiko ndalama, inaimitsa thandizo, mayiko othandiza bajeti nawonso anapinda manja. Madola anasowa. Dola imodzi imene chaka chikuyamba inali pafupifupi meticais 45 inayandikira 80, ndipo mitengo ya zinthu inakwera kuposa 20 pa 100.

(Chithunzi: osintha ndalama pa Calómuè, mipukutu ya kwacha ndi meticais m'manja)

Anyamata osintha ndalama pamalire ndi Dedza sanafunike kuwerenga nyuzipepala ya ku Maputo kuti adziwe. Mtengo unkasintha ali chiimire pomwepo. Feteleza amalowa m'dziko ndi madola, dizilo ya lole yopita ku Tete nayonso ndi madola, koma mbatatesi mumagulitsa ndi metical. Mayi wa ku Dómuè yemwe sanazionepo ngalawa za EMATUM, mwinanso nyanja yeniyeniyo sanaionepo, analipira gawo lake pa botolo la mafuta ophikira. Banco de Moçambique, banki yaikulu ya dziko, itakweza chiwongoladzanja kuti iteteze metical, wabizinesi wamng'ono yemwe anali ndi ngongole ku banki analipiranso kachiwiri.

Nanga okongoza aja? Mu 2021 Credit Suisse inalipitsidwa chindapusa cha madola pafupifupi 475 miliyoni ku America ndi ku Britain, n'kuvomera kukhululukira Mozambique madola 200 miliyoni. Manuel Chang, yemwe anali nduna ya zachuma, khoti la ku New York linamupeza wolakwa mu 2024. Credit Suisse yeniyeniyo sinafike n'komwe chaka chimenecho ili payokha: inatsala pang'ono kugwa mu 2023, banki inzake ya ku Switzerland, UBS, n'kuigula.